Kanano ka Aphunzitsi Bonifasi

Ndinaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu ndi chimodzi pasukulu ina ya sekondale yoyendera kufupi ndi Mayani, ndipo m'zaka zonsezo ndinaswa machubu agalasi awiri okha. Ndimakonda kuuza anthu zimenezi. Chimene sindikonda kuwauza n'chakuti sukuluyo inali ndi machubu asanu basi, ndipo chaka chonse ankakhala m'kabati ya ahedi, kiyi ali m'thumba mwawo. Zambiri zimene ana anga anaphunzira za asidi ndi mpweya ndinkangozijambula pabolodi ndi choko.

Nditapuma pantchito ndinabwerera kumudzi kwathu, kumtunda kwa Kasina, kukalima mbatata ya kachewere ndi kabichi ngati wina aliyense. Dzina langa ndine Bonifasi, koma anthu sanasiye kunditchula kuti aphunzitsi, ndipo ine ndinkanyadira kuposa mmene munthu wopemphera ayenera kunyadira. Wina akabwera kudzafunsa chimene chikupiringiza masamba a tomato wake, ndinkamukhazika pampando n'kuyambira pa mmene mbewu imadyera. Ambiri ankabwerera dzuwa litapendeka, osadziwabe choti akapopere.

Chaka chachitatu ndili kumudzi, thupi linayamba kundikumbutsa kuti ndinakalambira m'kalasi osati m'munda. Anayamba ndi mawondo. Minda yathu ndi yotsetsereka, ndipo chisanu cha kuno chikafika chimalowa m'mafupa. Ndinazolowera kugula mapiritsi opha ululu pagolosale, n'kumeza awiri m'mamawa ndisanadye kanthu kuti ndithe kutsikira kudimba, ena awiri masana kuti ndithe kukwera. Amenewa sindinkawawerengera ngati mankhwala. Kwa ine zinali ngati kuvala nsapato.

Kenako inayamba mimba. Poyamba chinali chilungulira chabe, koma posakhalitsa pamwamba pa mchombo panayamba kutentha ngati ndameza khala, makamaka njala ikandigwira ndili m'munda. Akazi anga, a Veronika, anandiuza kangapo kuti ndipite kuchipatala. Ndinawayankha kuti sindingakakhale pamzere tsiku lonse kuti ndikamve zimene ndikuzidziwa kale: ndi zilonda za m'mimba, ndisiye tsabola, ndisiye kuganiza kwambiri. Tsabola ndinasiyadi. Ndinawalongosoleranso mmene asidi amagwirira ntchito m'chifu, iwo akusankha nyemba palichero osadzutsa mutu.

Mwana wathu womaliza, Nomsa, ali ku Joni. Ndikanena choncho ndimafulumira kuwonjeza kuti ali kuyunivesite, kuopa kuti anthu angaganize kuti anapita kukasaka maganyu. Amafufuza za mankhwala. Lamulungu lina mu Meyi, titangobwera ku Misa, anaimba foni akulankhula mothamanga ngati mmene ankachitira ali wamng'ono. Ntchito imene iye ndi anzake anaigwira zaka zinayi inali itasindikizidwa m'magazini ya akatswiri, ndipo nkhani yake inali ya zilonda za m'mimba. Za mimba yanga sankadziwa, chifukwa ndinawaletsa amayi ake kumuuza.

Ndinamuuza kuti andifotokozere bwinobwino, asadumphe kanthu, akulankhula ndi munthu wa sayansi mnzake.

"Ababa, mukadula kachewere n'kumusiya pambale, amatani?"

"Amada," ndinayankha. "Ndipo anakuphunzitsa zimenezo ndine."

Anaseka n'kuvomera. Anati m'mimba mwa munthu mumachitikanso zofananako. Khungu la mkati mwa chifu likavulala, m'thupi mumabadwa tizinthu tina tolusa tochokera ku mpweya womwe timapumawu, timene timadya mnofu ngati mmene dzimbiri limadyera khasu. Tikachuluka, chilonda chimakula ndipo chimachedwa kupola. Iye ndi anzake anapanga timibulu ta makala kuchokera ku makoko a malalanje, timene timagwira tizinthu tolusato tisanawononge. Kuchepa kwa timibuluto, anati nditenge tsitsi limodzi, ndigawe kunenepa kwake m'magawo zikwi khumi, ndiye gawo limodzi n'kambulu kamodzi. Zinthu zazing'ono choncho amazitcha nano. Anaziyesa pa makoswe.

Ndinafunsa ngati makoswewo anapola.

"Ambiri anapola msanga kuposa amene sanalandire. Koma ndi makoswe, ababa. Kuti zifike kwa anthu padzapita zaka, mwinanso sizidzafika n'komwe."

Mawu omalizawo ndinawamva ngati kudzichepetsa kwa mwana woleredwa bwino.

Mawa lake ndinakwera njinga yamoto mpaka ku Chimbiya kukasindikiza zimene ananditumizira pafoni. Anali masamba khumi ndi anayi a chingerezi cholemera. Dzina la Nomsa linali lachitatu mwa anthu asanu ndi mmodzi, zimene sizinandisangalatse, komabe ndinalidula mzere ndi cholembera chofiira. Ndinawerenga tsamba loyamba, kenako ndinathamangira pamene analemba kapangidwe ka timibulu tija. Masamba otsatira, odzaza ndi za makoswe ndi manambala, ndinati ndidzawawerenga ndikapeza mpata.

Kapangidwe kake kanandidabwitsa. Anaumitsa makoko, anawapera, anawaika m'madzi m'chitsulo chotsekedwa, anawatenthetsa maola angapo, kenako anasefa. Zoona panatchulidwa makina atatu kapena anayi amene sindinawaonepo chibadwire. Koma nditakhala pakhonde n'kusinkhasinkha, ndinaona kuti zonsezo ndi ntchito zinayi zimene mayi aliyense m'mudzi muno amagwira: kuyanika, kukazinga, kusinja ndi kusefa. Malalanje kwathu kuno sachita bwino, koma makoko a kachewere a Veronika ankapatsa nkhumba tsiku lililonse. Ndinati makala ndi makala basi, kaya achokera ku chiyani.

Ndinkagwira ntchitoyi masiku amene a Veronika ankapita kukagulitsa kabichi kumsewu. Ulendo woyamba ndinatsata zolembedwa mokhulupirika. Ndinathira makoko ndi madzi m'chitini cha mkaka, ndinakhomera chivundikiro ndi mwala, ndinaika pambaula n'kukhala pafupi ndi wotchi m'manja. Pasanathe mphindi makumi awiri chivundikiro chinauluka n'kukamenya denga la khitchini. Nkhuku za a Jestina, oyandikana nafe, zinabalalika. A Jestinawo atafunsa kuseri kwa mpanda ngati kuli bwino, ndinawayankha kuti ndi nsungwi yaphulika pamoto.

Ulendo wachiwiri ndinaboola chivundikiro ndipo madzi sindinathire. Pamenepo ndinali nditasiyana kale ndi njira ya Nomsa, koma m'kope langa ndinalemba kuti ndasintha pang'ono mogwirizana ndi kwathu kuno. Makoko anada bii. Ndinawasinja mumtondo, ndinawapera ndi botolo pambale, ndinasefa ndi sefa ya ufa. Ufawo unkaonekabe wokhakhala. Panafunika nsalu yothina kwambiri, ndipo m'nyumba monse nsalu yothina koposa unali mpango woyera wa a Veronika, umene amavala kubungwe la amayi kutchalitchi. Ndinati ndingosefa kamodzi n'kuuchapa. Sunayere. Ndinaupinda n'kuubisa m'chitini kuseri kwa nkhokwe, ndipo tsiku la msonkhano wawo litafika ndinawathandiza kuufunafuna. Ndinayang'ana mpaka pansi pa bedi.

Munthu wa sayansi sayamba kumwa asanayese. Ndinasungunula ufawo m'botolo la madzi, ndinatseka zenera, ndinawalitsa tochi. Kuwala kunaoneka kukudutsa m'madzimo ngati chingwe. Ndinakumbukira kuti zimenezo zimasonyeza kuti muli tizinthu tating'ono. Kuti utsi ndi mkaka zimachitanso chimodzimodzi sindinafune kukumbukira. Pepala la Nomsa linanena kuti timibulu tawo tinkawala mtundu wa buluu pansi pa nyale ina yapadera. Nyale yoteroyo ndinalibe, choncho palibe akanatha kunena kuti tanga sitiwala.

Ndinayamba ndi kasupuni kamodzi m'kapu ya madzi ofunda, m'mawa ndi madzulo. Kukoma kwake kunali ngati kunyambita mbaula. Pofuna kutsuka kukhosi ndinkatsatiza ndi mbale ya phala, ine amene ndinkapita kumunda osadya. Sabata yoyamba kutentha kuja kunachepadi. M'kope ndinkalemba tsiku, ola ndi kukula kwa ululu, ndipo za phala sindinalembe chifukwa sindinaone kuti zikukhudzana ndi kafukufuku.

Chinthu chabwino chotere sindikanatha kuchisunga. Woyamba kumuuza anali mnzanga a Zikhalo, amene timaimba nawo besi m'kwaya, munthu wodandaula ndi chilungulira komanso womwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Anayang'ana ufawo padzanja, ananunkhiza, n'kufunsa dzina lake. Nditawafotokozera za dzimbiri la m'mimba ndi za tsitsi logawidwa zikwi khumi, mpaka pa mawu akuti nano, anagwedeza mutu n'kunena kuti basi, kanano. Dzinalo linakhazikika. Lachinayi lotsatira, titamaliza mapemphero a mphakati, anthu anandizungulira pabwalo. Sabatayo isanathe ndinali nditagawa mabotolo asanu, aja a mankhwala a chifuwa otsukidwa bwino, lililonse lili ndi kapepala kolembedwa ndi dzanja langa kamwedwe kake. Mmodzi wa olandira anali a Falesi, mayi wamasiye wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, amene akhala akudandaula za mimba kuyambira kale ndisanapume pantchito.

Kunama kwenikweni sindinaname. Ndinkangoti ndi mankhwala a Nomsa, ndipo aliyense ankamva mmene wafunira. A Veronika anaganiza kuti anabwera pabasi ya ku Joni tsiku lija ndinapita ku Chimbiya, ine sindinawawongole. Atafuna kumuimbira mwanayo kuti amuthokoze, ndinawaletsa. Ndinati ntchitoyi idakali yachinsinsi, zapafoni sizidziwika, akatswiri anzake angamubere nzeru.

Sabata yachitatu ndinayamba kutopa msanga. Pokwera kuchokera kudimba ndinkapumira kawiri, kenako kanayi, mtima ukugunda mpaka m'makutu. Chimbudzi chinali chitada kuyambira tsiku loyamba, zimene zinali zoyembekezereka kwa munthu wodya makala, ndipo ndinalemba kuti mankhwala akuyenda bwino. Koma tsopano chinasintha. Chinkamata ngati phula, ndi fungo limene sindinalimvepo. Zimenezo sindinalembe. A Veronika anandigwira dzanja tsiku lina, analitembenuza, n'kunena kuti m'manja mwanga mwayera ngati mwa munthu wochapa tsiku lonse. Ndinati n'chisanu.

Loweruka m'mawa ndinatunga makeni awiri kuti ndithirire kabichi. Ndikukumbukira kuti ndinaona mzere wa kabichi ukupendekeka. Nditatsegula maso, tsaya langa linali m'matope, a Veronika akundiitana, a Jestina akundikupiza ndi chitenje. Ndinayesa kufotokoza kuti ndinangodzuka mofulumira, magazi sanafike kumutu. Anandikweza panjinga yamoto pakati pa woyendetsa ndi a Veronika, ngati thumba la fetereza loti lingagwe.

Kuchipatala sanandiike pamzere. Anandigoneka pakabedi kuseri kwa katani, ndipo analowa dokotala wamkazi wa zaka ngati makumi atatu, wamtali, wovala magalasi. Anayang'ana buku langa, anandiyang'ana ine, n'kumwetulira.

"Aphunzitsi, mwandiiwala? Ndine Tamandani. Munandiphunzitsa fomu 3 ndi fomu 4."

Sindinamuiwale. Ankakhala kumbuyo pafupi ndi zenera, ndipo ndinamulembera palipoti lake kuti sayansi si ya aliyense, ayese maphunziro ena. Ndinapemphera chamumtima kuti iye waiwala.

Anandikoka chikope, anandigwira pamkono, ananditenga magazi pachala. Atabwerera nkhope yake inali itasintha. Anati magazi anga achepa kwambiri, penapake akutayika. Anafunsa ngati ndinasanzapo magazi, ndinati ayi. Anafunsa mankhwala amene ndimamwa, ndinati palibe. A Veronika anatchula mapiritsi a mawondo, n'kutulutsa m'chikwama kapepala kake kotsala. Tamandani anakayang'ana nthawi yaitali, anafunsa kuti angati patsiku, kwa miyezi ingati, ndisanadye kapena nditadya. Kenako anafunsa mtundu wa chimbudzi.

"Chakuda," ndinatero. "Koma chimenecho chisakudetseni nkhawa. Chili ndi chifukwa chake."

"Chifukwa chanji?"

A Veronika ndiwo anayankha, monyadira ndithu, kuti ndikumwa mankhwala atsopano ochokera kwa mwana wathu ku Joni. Tamandani anapempha kuti aone botolo lake kapena dzina lake. Ndinayang'ana kudenga. Kunali kangaude pakona, ndinamuyang'anitsitsa ngati ndikumudziwa. Koma funsolo silinachoke, ndipo ndinayamba kufotokoza. Ndinayambira pa dzimbiri ndi pa tsitsi, poganiza kuti ndikayala bwino maziko zotsatirazo zimveka zanzeru. Nditafika pa makoko a kachewere mawu anga anali atatsika moti Tamandani anachita kuweramira kuti amve. Nditafika pa mtondo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

Sanaseke. Ndikanakonda akanaseka. Anati ufa wa mumtondo, ngakhale nditasinja chaka chonse, poyerekeza ndi timibulu ta Nomsa ndi miyala. Chimene ndinkamwa anali makala wamba. Mwina pawokha sakanandipha, koma anabisa chizindikiro chimene chikanandithamangitsira kuchipatala sabata ziwiri zapitazo, chifukwa chimbudzi chakuda chomata ndi magazi ochokera pachilonda.

"Alipo ena amene akumwa?"

"Asanu."

Anatseka maso pang'ono. Atamva kuti a Zikhalo amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, anauza a Veronika kuti awaimbire pompo asiye kumwa kanano, chifukwa makala amatha kugwira mankhwala ena m'mimba osagwira ntchito. A Veronika anaimba, anapereka uthenga mwachidule, anabweza foni m'chikwama. Kenako anatembenukira kwa ine. Chiyambire kufotokoza kwanga anali asanandiyang'ane.

"Bambo a Nomsa, munasefa ndi chiyani?"

Ndinawauza. Anafunsa kumene mpangowo uli, ndinawauzanso. Sanandilankhulenso tsiku limenelo, ngakhale mu ambulansi yopita kuchipatala cha boma, ngakhale pamene anamwino ankandibaya kufuna mtsempha. Anangokhala pambali pa bedi atagwira nsapato zanga.

Anandiwonjezera magazi mapaketi awiri. Anapezanso kachilombo kena kamene kamakhala m'chifu n'kumakulitsa zilonda, ndipo anandipatsa mapiritsi amitundu itatu oti ndimwe sabata ziwiri osadumphitsa. Mapiritsi a mawondo anandiletsa mpaka kalekale. Ndinagona masiku asanu, pakati pa mkulu wina wothyoka mwendo ndi wina wodwala shuga, ndipo onse awiri anaimva nkhani yanga kwa anamwino lisanathe tsiku lachiwiri. Wothyoka mwendoyo ankanditcha adokotala.

Nomsa anaimba tsiku lachitatu masana. Amayi ake anali atamuuza zonse, kuyambira pa mimba imene ndinamubisira. Poyamba analira. Atatonthola anafunsa ngati pepala lija ndili nalo pafupi. Ndinali nalo. Ndinali nditapempha a Jestina kuti alibweretse pamodzi ndi bulangete, poganiza kuti madokotala angafune kuliona.

"Tsegulani tsamba lachisanu, ababa. Werengani pamene talemba mmene makoswe aja tinawadwalitsira."

Ndinavala magalasi. Panalembedwa kuti makoswewo anawagoneka ndi njala tsiku limodzi, kenako anawamwetsa mankhwala opha ululu m'mimba mopanda kanthu, ndipo pasanathe maola ambiri zilonda zinatuluka. Ndinafunsa ngati mankhwalawo ndi ofanana ndi anga aja. Anati ndi a banja limodzi.

Miyezi yonseyi ndinkatsata kafukufuku wa mwana wanga mokhulupirika ndithu, koma mbali ya makoswe.

Ndinayesa kuseka, iye sanaseke. Anafunsa ngati n'zoona kuti ndinauza anthu kuti ndi mankhwala ake. Ndinayamba kufotokoza kuti mawu amene ndinagwiritsa ntchito akhoza kumveka pawiri, koma anandidula, chinthu chimene sanachitepo chibadwire.

"Ababa, ndagwira ntchito zaka zinayi kuti ndithe kunena kuti mwina. Mawu amodzi okhawo. Inu mwawachotsa sabata imodzi, n'kuikapo dzina langa. A Zikhalo akanagwa, kumudziko akanati wawapha ndani?"

Ndinapepesa. Sindinazolowere kupepesa kwa ana anga, moti mawuwo anatuluka mokhota, koma anatuluka. Anati wamva. Anandiuza kuti ndimalize mapiritsi onse ngakhale ndimve bwino, ndipo mawondo ndikawaonetse kuchipatala ngati anthu ena onse. Asanadule ananena kuti amayi ake awagulira mpango wina, koma wokaupereka ndikhale ine.

Nditatuluka ndinadutsira kwa Tamandani kukathokoza. Ndinali nditakonza mawu okhudza lipoti lija, koma nditangoyamba anati akulikumbuka bwino, analisunga, ndipo linamuthandiza kuwerenga molimbika chifukwa cha mkwiyo. Ananena mosangalala, akulemba m'buku langa tsiku lobweranso. Sindinadziwe ngati ndiyenera kupepesa kapena kulandira kuthokoza, ndiye ndinangoti zikomo adokotala.

Lachinayi loyamba nditapezako mphamvu ndinapita kumphakati. Titamaliza kusinkhasinkha Mawu ndinapempha kulankhula. Ndinaimirira, chipewa m'manja, n'kunena kuti kanano sanachokere ku Joni, anachokera m'khitchini mwanga. Kuti Nomsa sankadziwa chilichonse. Kuti mankhwala ake enieni adakali pa makoswe. Kuti aliyense womva mimba apite kuchipatala. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kumaliza phunziro m'mphindi zitatu. Nditakhala pansi a Zikhalo anafunsa kuti, pepani aphunzitsi, ndiye kuti nkhumba zanu zakhala zikugona ndi njala chifukwa cha ife? Pamenepo bwalo lonse linagwa ndi kuseka, a Veronika nawonso, ataphimba kukamwa ndi mpango watsopano.

Mabotolo anayi anabwerera tsiku lomwelo. Limodzi linali losatsegula n'komwe. Mwini wake anati analandira pongofuna kuti ndisakhumudwe.

Botolo lachisanu linali la a Falesi, amene kumphakati sanabwere. Mawa lake ndinapita kwawo. Ndinawapeza akuyanika nyemba pamkeka, ndipo atandiona anandilandira ngati mlendo wolemekezeka. Ndisanakhale n'komwe anayamba kundithokoza. Anati chiyambire kumwa kanano mimba yawo yagona, akudya ngakhale mpiru wotendera umene anausiya kalekale. Ndinawafotokozera zonse monga ndinachitira kumphakati. Anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu, kenako anati za kachewerezo alibe nazo ntchito, chimene akudziwa n'chakuti achira. Ndinawauza kuti ine mwini wake ndinatsala pang'ono kufa. Anati mwina ndinkachulutsa. Nditapempha botolo anati latayika, pamene ndinkaliona bwinobwino pawindo, kuseri kwa kandulo.

Ndinabwererako kachiwiri ndi pepala la Nomsa, n'kuwawerengera tsamba lachisanu m'Chichewa. Anati makoswe a ku Joni achita mwayi. Ulendo wachitatu a Veronika anandiuza kuti ndikhale, apita okha. Sindikudziwa zimene anakambirana azimayi awiriwo, koma anabwera ndi botolo m'chikwama, ndipo Lolemba lotsatira anawaperekeza a Falesi kuchipatala. Anawapeza ndi kachilombo komwe kaja kanapezeka mwa ine, anawapatsa mapiritsi omwewo, ndipo anamaliza onse chifukwa a Veronika ankapita m'mawa uliwonse kukaonetsetsa.

Ine mimba inapola. Patapita miyezi iwiri anandituma ku Lilongwe kumene anandimezetsa kapaipi kokhala ndi kamera, ndipo anandionetsa pakanema chipsera chaching'ono chotuwa. Mawondo akadali omwewo. Anandipatsa mankhwala opaka ndi ndodo, ndipo kudimba ndimatsika pang'onopang'ono, nditadya. Nomsa akupitiriza ntchito yake. Akuti tsopano akufufuza ngati timibulu tija timatuluka m'thupi mwa khoswe kapena timatsalira m'chiwindi, ndipo yankho lake lingatenge zaka zina ziwiri.

A Falesi nawonso ali bwino, ananenepako. Koma mapiritsi a kuchipatala sawatchula. Amauza aliyense kuti anawachiritsa ndi kanano ka aphunzitsi, ndipo Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi amandidikira pamasitepe kundifunsa kuti ndipanganso liti, poti mng'ono wawo wa ku Mayani naye akudwala mimba. Ndimawayankha kuti sindidzapanganso, mng'ono wawoyo apite kuchipatala. Iwo amandiyang'ana mondimvera chisoni, n'kutembenukira kwa amene ali pafupi kuwauza kuti anthu ophunzira ndi choncho, akapeza chinthu chabwino amayamba kumana.